Njinga iti, chola chiti: kukonzekera ulendo wa m'tchire kuchokera ku Chipata

Mwana wa alongo anga anafika pakhomo Loweruka lina madzulo foni ili m'manja, moni weniweni osapereka. Anandionetsa chithunzi cha munthu ataima pamwamba pa phiri ndi njinga yopanda kaliyala, tizikwama titamangidwa ku handulo, m'kati mwa felemu ndi kunsi kwa chishalo.

"Atsibweni, ndifuna kutsikira ku Malambo pa njinga, koma osadzera pa tara. Ndigule chiyani?"

Ndinamufunsa ndalama zimene wasunga. Atatchula, ndinamuuza kuti tizikwama ta pachithunzipo tokha tingadye zonsezo, njingayo asanaikhudze n'komwe. Tinakhala pakhonde mpaka udzudzu unatithamangitsa, ndipo zimene tinakambirana ndi zimene ndalemba pano. Funso lakeli ndalimva kwa anthu ambiri chiyambire mafoni kutionetsa zimene akunja amati bikepacking, kutanthauza kupalasa masiku angapo m'njira zafumbi, pogona ndi chakudya utadzinyamulira. Kwa ife a kum'mawa zimenezi si zachilendo. Makolo athu akhala akupalasa usana ndi usiku ndi matumba a nshawa, makala, ngakhale nkhumba ili cholira pa kaliyala. Chatsopano n'chakuti lero munthu akuchita zimenezi pongofuna, ndipo wogulitsa aliyense akuti katundu wake ndiye simungayende popanda.

Mukukapikisana kapena mukukayenda?

Zithunzi za pa Facebook zimachokera ku masewera osiyana, ndipo kusokoneza masewerawa ndi kumene kumataitsa anthu ndalama. Ku South Africa kuli mpikisano wa Cape Epic, umene unayamba mu 2004: masiku 8, anthu awiriawiri, m'mapiri a ku Western Cape. Wopalasa kumeneko amanyamula madzi ndi tizitsulo tochepa basi, pakuti tenti, chakudya ndi amakaniko amazipeza pamalo ogona. M'dziko lathu lino la Zambia mipikisano ya m'tchire yodziwika, monga 1Zambia MTB ndi Elephant Epic, imachitikira mbali ya ku Lusaka. Amene akulinga kumeneko akufunika njinga yopepuka, ya mabuleki ogwira msanga, ndipo nkhani ya kaliyala simukhudza.

Mtundu wina ndi wa Tour Divide, umene umayamba mu Juni ku Banff m'dziko la Canada n'kukathera pamalire a America ndi Mexico, mtunda wopitirira makilomita 4,300. Palibe galimoto yokutsatira, palibe mphoto, ndipo chikathyoka umadzionera wekha. Tizikwama timene mphwanga uja anationa tinatchuka ndi anthu otere, amene amawerengera kulemera kwa supuni yomwe.

A Tour d'Afrique ndiye a ku Chipata timawadziwa ndi maso. Ulendo wawo wochokera ku Cairo kukafika ku Cape Town unayamba mu 2003, ndipo zaka zambiri akhala akulowa pa Mwami kuchokera ku Lilongwe n'kutsata Great East Road kulowera ku Lusaka. Katundu wawo amayenda pa lole. Akabaza a pa Kapata amawayang'ana akudutsa n'kumafunsana kuti njinga yopanda pokhala pasenjala mwini wake amadyerapo chiyani.

Ambiri amene mukuwerenga pano simuli m'magulu atatuwa. Mukufuna masiku atatu kapena anayi ndi anzanu awiri, popanda lole, popanda wotchi. Zotsatirazi ndalembera inuyo.

Njira ndi nyengo ndizo zimasankha katundu

Chigawo chathu chili pawiri. Kumtunda, komwe kuli Chipata, Katete, Chadiza, Vubwi mpaka Lundazi, dothi lambiri ndi katondo wolimba, miyala pazitunda, ndi madambo owoloka apa ndi apo. Midzi ndi yoyandikana. Simupalasa ola lathunthu osaona kantemba kapena mjigo. Kuchigwa cha Luangwa, kumene timati ku Malambo, n'kwina. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa tara, ndipo mumatsika mamita ngati 600. Ofuna fumbi amadzera ku Katete n'kutsikira ku Msoro, ndipo olimba mtima amatenga msewu wakale wa Petauke umene umalambalala mtsinje wa Luangwa. Kumeneko mukakumana ndi mchenga wozama, dothi la makande, nkhalango za tsanya, akashembe, ndi njovu zimene sizidziwa kuti malire a paki ya nyama ya South Luangwa ali pati.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mu Okutobala kuchigwa kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo munthu wopalasa masana akudziputira. Mvula ikayamba, makande amamatirira ku tayala mpaka gudumu kuleka kuzungulira, ndipo mtsinje wa Lupande ukadzaza sukambirana ndi munthu. Ulendo woyamba wabwino ndi wa ku Kulamba kumapeto kwa Ogasiti: kuchoka ku Chipata kudzera m'midzi, kugona panjira, n'kukafika ku Mkaika pamodzi ndi khamu. Nc'wala imagwa mu Febuluwale, pakati pa dzinja, choncho wopita ku Mtenguleni pa njinga asachoke kutali ndi tara.

Njinga zinayi zimene zilipo

Yoyamba ndi njinga yakuda ya makolo, ya magudumu a mainchesi 28. Kale fakitale ya Luangwa Industries inkapanga za Eagle konkuno ku Chipata, ndipo mpaka lero mtundu umenewu ndi umene wadzaza m'midzi. Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu: palibe mudzi umene mungasowe sipoko, kotapini, chubu kapena munthu woidziwa. Magudumu ake aakulu amayenda bwino pa msewu wa tizitunda tonga malata. Vuto ndi phiri. Giya yake ndi imodzi. Mukapalasa kamodzi, gudumu limazungulira kawiri ndi theka, zimene n'zabwino pa chidikha koma pa chitunda mumatsika n'kuyamba kukankha. Potsetsereka ndiye poopsa, chifukwa mabuleki ake a ndodo amagwira limu yachitsulo mofooka, makamaka itanyowa. N'chifukwa chake mumaona ogulitsa makala akukoka nthambi kumbuyo kapena kuponda tayala ndi patapata. Ngati ndi yokhayo muli nayo, ikani fuliwilo ya mano 22 kumbuyo kuti ipepukeko, ndipo pitani ku Chadiza, osati ku Malambo.

Yachiwiri ndi Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005. Imeneyi ndi ng'ombe yapangolo. Kaliyala wake anamupangira katundu wa makilogalamu 100, masipoko ndi onenepa, ndipo felemu simungaipinde ndi ulendo wamba. Koma yokha, yopanda katundu, imalemera kupitirira makilogalamu 20, ndipo yodziwika kwambiriyo ili ndi giya imodzi ndi buleki yobweza pedulo. Buleki yotere imagwira ngakhale m'matope, koma pa mtsetse wautali habu imatentha, ndiye pamafunika kuima kuti izizire. Mu 2024 anatulutsa ina yotchedwa S2, ya matcheni awiri ndi magiya awiri, imene yachepetsako vuto la zitunda. Kwa munthu amene akufuna njinga imodzi yoti Lolemba ikagaitse chimanga, Lachisanu ipite ku ulendo, palibe yoiposa. Kwa wofuna makilomita 80 pa tsiku m'mapiri a ku Vubwi, mawondo adzamuuza zina.

Yachitatu ndi imene ine ndimalimbikitsa: mountain bike yakale ya salaula, ya magudumu a 26, felemu yachitsulo, magiya atatu kutsogolo ndi 7 kapena 8 kumbuyo. Giya yake yofewa kwambiri, mano 22 kutsogolo ndi 32 kumbuyo, imapangitsa kuti gudumu lisamalize n'komwe kuzungulira kamodzi mukapalasa kamodzi, ndiye mumakwera chitunda muli chokhala, katundu ali pomwepo. Matayala ndi machubu a 26 ali m'boma lililonse. Tcheni cha magiya 6, 7 ndi 8 n'chimodzi, ndipo chimapezeka ku Down Shops ku Chipata. Mabuleki a waya mumakonza ndi pulayala. Felemu ikang'aluka, wowotcherera mageti aliyense angailumikize kuti mukafike.

Pogula pitani ndi maginito: akamata pa felemu ndiye kuti n'chitsulo, akagwa ndi aluminiyamu, imene si yoipa koma ikathyoka kumudzi yathyoka. Zunguzani gudumu lakumbuyo muone ngati ekiselo sinapindike, chifukwa njinga za fuliwilo yopota zimakonda kupinda ekiselo zikalemedwa. Yang'anani mano a magiya. Akasongoka ngati minga ndiye kuti atha. Onaninso ngati pafupi ndi habu pali timabowo tomangira kaliyala. Ndipo chonde, zija zonyezimira zokhala ndi sipuling'i pakati pa felemu, zotsika mtengo, zisiyeni. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. N'zolemera, zimadya mphamvu zanu pa kudumphadumpha, ndipo kaliyala alibe pogwira.

Yachinayi ndi njinga zamakono: 29er, ya magudumu a mainchesi 29, mabuleki a mafuta ndi magiya 12, ndi inzake yotchedwa gravel, ya handulo yopindika ngati nyanga za nkhosa. Sindingakunamizeni, n'zokoma. Pa mchenga ndi pa miyala 29er imadutsa pamene 26 ikujejema, ndipo gravel pa katondo wa ku Lundazi imathamanga ngati yabedwa, ngakhale matayala ake owonda amamira mu mchenga wa kuchigwa. Wopita ku mpikisano agule zimenezi. Koma imvani zimene zinatichitikira.

Chaka china mu Julayi tinatsika ndi mnzanga kudzera ku Katete, iye ali pa 29er yatsopano. Titapitirira Msoro, chitsa chobisala mu udzu chinang'amba tayala lake lakumbuyo m'mbali, kutalika ngati chala. Tinakankha mpaka pamudzi wina pamene tinapeza mdala wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, zitsulo zake zili m'chitini cha penti.

"Amdala, tayala la 29 lingapezeke?"

"29? Ine abwana ndidziwa 26 ndi 28. Koma 28 ndi 29 n'pachibale, tiyeni tiyese. Likachepa tilikoka."

Anatulutsa tayala la 28 latsopano m'nyumba, n'kuliveka pa limu. Silinachepe. Linakula, n'kumangogwedera ngati nsapato ya bambo ku phazi la mwana. Mdala uja anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Manambalawa amanyenga: tayala la 28 la njinga yakuda, m'kamwa mwake ndi mamilimita 635, pamene limu ya 29 ndi mamilimita 622, yofanana ndi ya njinga zothamangira pa tara. Ya 26 ndi 559, ndipo ya 27.5 ndi 584. Palibe lolowa m'malo mwa linzake.

Chimene chinatipulumutsa ndi luso la mdalayo. Anatenga singano yosokera masaka ndi linya, n'kusoka chibowo chija mopingasa ngati akusoka chilonda, m'kati n'kuyalamo chidutswa cha tayala lakale. Tinaikamo chubu chimene mnzanga ananyamula, n'kupopa ndi pampu yathu chifukwa ya mdala sinkagwira valavu yowondayo. Tayala lija linkagunda ngati mtima pa kuzungulira kulikonse, koma linafika ku Mfuwe. Lina linachita kuchokera ku Lusaka pa basi patapita masiku anayi. Likanathyoka tcheni cha magiya 12, kapena paipi ya mafuta a buleki, ngakhale linya silikanathandiza. Choncho amene ali nayo kale njinga yotere apite nayo, koma anyamule tayala lopinda, machubu awiri, zolumikizira tcheni, mapadi a buleki ndi kachitsulo kokolekapo giya yakumbuyo. Mudzi sungamuthandize pa zimenezi.

Chubu kapena tubeless

Minga ya kuchigwa, ya mthethe ndi kankhande, siseka. Matayala a tubeless, amene mumathiramo madzi omata m'malo mwa chubu, amatseka okha timabowo ta minga muli chiyendere, ndipo amalola kupopa mofewa kuti tayala liyandame pa mchenga. Amafuna limu ndi tayala zopangidwira zimenezo, ndipo madziwo ndi kutentha kwathu kuno amauma pa miyezi iwiri kapena itatu. Chubu n'chotsika mtengo, koma konzekerani kumata kawiri kapena katatu pa tsiku loipa. Akabaza ali ndi nzeru yawo yapakati: amadula waya wa tayala lakutha n'kuliyala m'kati mwa latsopano. Gudumu limalemerako, koma minga yambiri imathera m'njira.

Samalani za mavalavu. Alipo atatu: ya njinga yakuda ya kamphira m'kati, yonenepa yofanana ndi ya galimoto, ndi yowonda ya Presta. Si pampu iliyonse ya kumudzi imene imagwira yowondayo. Sulushoni womatira chubu mugule watsopano tsiku lonyamuka. Wotsegula kale mukamupeza atauma nthawi yomwe mukumufuna.

Ponyamulira

Apa ndi pamene mphwanga anatsala pang'ono kutaya ndalama zake, ndiye tichedwepo.

Njira yakale ndi kaliyala, saka la feteleza lochapa bwino, ndi malegeni. Musaipeputse. Malegeni amamanga chilichonse, sagwedera, akaduka mumalumikiza, ndipo tsiku lina amagwira ntchito ya bandeji pa tayala long'ambika. Kuipa kwake n'kwakuti katundu yense amakhala pamwamba ndi kumbuyo. Pa chitunda gudumu lakutsogolo limanyamuka, pa mchenga njinga imavina, ndipo kuti mutenge sopo pansi pa saka mpaka mumasule zonse. Kaliyala akhale wachitsulo. Wa aluminiyamu wotsika mtengo amathyokera pa bauti tsiku lachiwiri.

Njira yachiwiri ndi zikwama ziwiri zolendewera m'mbali mwa kaliyala. Zimatsitsa kulemera pansi, zimalowa zambiri, ndipo pa msewu wotakata ndizo zabwino koposa. Koma njira za m'midzi n'zopapatiza. Pakati pa minda, mu udzu wautali ndi m'zitsa zimakola uku ndi uku, ndipo pokankha njinga zimakumenyani m'katumba. Zogula zotsika mtengo zimaduka ngowe pa msewu wa mabampu. Ndinaona mnyamata wina wa ku Sinda atapanga zake ndi zigubu ziwiri za mafuta ophikira za malita 10, atazidula pamwamba n'kuzimanga ndi mabauti. Mvula sinkalowa, ndipo madzulo chimodzi chinkasanduka mpando.

Njira yachitatu ndi tizikwama ta pachithunzi paja. Ubwino wake ndi weniweni: njinga imakhala yowonda ngati ilibe katundu, imadutsa paliponse pamene phazi ladutsa, ndipo mungainyamule powoloka mtsinje. Koma timalowa zochepa. Cha kunsi kwa chishalo nthawi zambiri ndi malita 10 mpaka 15, ndipo chikadzaza chimagwedezeka ngati mchira wa nkhosa. Tinapangidwira munthu amene tenti yake ndi chofunda chake n'zodula, zopindika kufika pa kukula kwa papaya. Bulangete la ku Saturday Market silingalowemo.

Pa tonseto, chimodzi chokha ndi chimene ndimati aliyense akhale nacho: cha m'kati mwa felemu. Chimaika zolemera, monga zitsulo, pampu ndi chakudya, pakati ndi pansi, pamene njinga sizimva. Ndipo simufunika kuitanitsa kunja. Dulani katoni molingana ndi mpata wa felemu yanu, pitani nayo kwa telala wosoka matenti kapena mipando ya galimoto, mumuuze kuti m'lifupi chisapitirire masentimita 6 kuti chisakhule mawondo, aike zipi yaikulu ndi malamba omata. Tsiku limodzi chatha.

Chola cha kumsana ndiye ayi. Chimatenthetsa msana, chimakanikizira thupi pa chishalo, ndipo pofika tsiku lachiwiri mumakhala mukupalasa choimirira chifukwa cha zilonda. Ngati n'kofunika, chikhale chaching'ono cha madzi okha.

Ine ndimasakaniza: kaliyala wachitsulo wonyamula zogonera zokulunga mu pulasitiki, chikwama cha telala pakati, ndi mpukutu wa zovala ku handulo womanga ndi malegeni. Zonse pamodzi, osawerengera madzi, zisapitirire makilogalamu 12. Zikapitirira, yalani pansi muchotse buluku lachiwiri.

Madzi

Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo palibe nzeru yozembera zimenezi. Kumtunda malita awiri kapena atatu akwana chifukwa mijigo ili pafupipafupi. Kuchigwa nyamulani osachepera asanu, ndipo dzazani paliponse pamene mwapeza, ngakhale mabotolo asanathe. Mabotolo a zakumwa a malita awiri omanga ndi malegeni ku foloko amagwira ntchito mofanana ndi zogula. Madzi a pa mjigo nthawi zambiri ndi abwino. A pachitsime chosavundikira kapena ofukula mu mchenga wa mumtsinje thiranimo kolorini, mudikire theka la ola. Sefa za m'thumba n'zabwino koma madzi amatope amazitseka msanga. Thukuta limachotsa mchere, ndiye tengani mapaketi a madzi a moyo, kapena sungunulani timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi. Ndipo m'mitsinje ya kuchigwa musatunge mutagwada m'mphepete mwa dziwe. Eni ake a dziwelo saoneka.

Pogona ndi pophika

Pali tenti, pali neti ya udzudzu yokha, pali resitihausi, ndiponso pali kupempha malo. Resitihausi ili m'maboma mokha. Neti ndi yopepuka ndipo m'chilimwe imakwana ngati mwapeza khonde kapena kalasi yomangirira, koma usiku wa Juni kumtunda kumazizira moti mudzalakalaka khoma. Tenti yaing'ono ya neti m'kati ndiyo imakupatsani ufulu, ndipo ya salaula ndi yokwanira malinga muyese kuimika kunyumba muone ngati ndodo zake zilipo zonse. Malungo sasamala kuti mwatopa. Chilichonse mwasankha, udzudzu usakupezeni.

Kumene muimike tentiyo ndiye nkhani. Za kubisala m'thengo, zimene akunja amakonda, kuno n'zosathandiza. Kumtunda tchire lililonse lili ndi mwini wake, ndipo munthu wogona mobisala amayesedwa wakuba ng'ombe. Kuchigwa mungaimike tenti pa njira ya njovu kapena ya mvuu osadziwa. Fikani pamudzi dzuwa lisanalowe, tsikani pa njinga, vulani helemeti ndi magalasi, funsani kwa anyakwawa. Khalani pansi, perekani moni wonse osaudula, nenani kumene mwachokera, kwa mfumu yanu, ndi kumene mukupita. Sindinakanidwepo. Paketi ya shuga kapena mchere yosiyira amayi a pakhomopo ilemere m'chikwama chanu kuposa sitovu. M'mawa afunseni za njira. Ndi iwo amadziwa kumene njovu zagona ndi mlatho umene unagwa, zimene mapu a pafoni sangakuuzeni. Safunsa anadya phula.

Za sitovu sindichedwapo. Ya gasi, gasi wake akatha mulibe kogula. Kapoto kamodzi ndi machesi n'zokwana, pakuti moto mupempha pamene mwagona. Masana mumadya za m'njira: vitumbuwa, kandolo wophika, nthochi, chiwaya, maheu. M'chikwama musunge nshawa zokazinga, kaufa, kapenta kapena soya, za tsiku limodzi lamavuto.

Totsalira tating'ono koma tofunika: helemeti, nyale yakutsogolo ndi yofiira yakumbuyo chifukwa malole a pa Great East Road sapatukira njinga, power bank, mapu osungiratu pafoni popeza netiweki kuchigwa imabwera mwa apo ndi apo, ndi ndalama zing'onozing'ono zapamanja. Zovala za buluu ndi zakuda zimaitana akashembe, ndipo amaluma kupyola malaya othina a opalasa. Shati ya khaki yotaya, ya manja aatali, imaposa jezi yodula.

Mphwanga anamvera zina, zina anakana, monga achitira ana a masiku ano. Anapeza mountain bike ya 26 yachitsulo, yobiriwira, penti itasupuka. Tinasintha tcheni, mawaya a mabuleki ndi matayala onse awiri, n'kupakira girisi m'mahabu. Telala anamusokera chikwama cha pakati ndi lona yakale ya lole. Koma cha kunsi kwa chishalo anaitanitsabe, ati chithunzi chiyenera kuoneka bwino.

Lamlungu lisanafike tsiku lonyamuka ndinamuuza amange katundu yense, madzi omwe, tikakwere phiri la Kanjala. Pokwera zinayenda. Potsika, chikwama chatsopano chija chinayamba kukhula tayala pa bampu iliyonse, chifukwa mnyamatayo ndi wamfupi ndipo chishalo chake chili pansi. Anaima, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kundiyang'ana ine.

"Atsibweni, malegeni aja munabwera nawo?"

Ndinali nawo m'thumba, awiri.